Mmene mungapezere ndalama mwezi ndi mwezi polemba pa Substack ndi Medium

Ndalama zimene munthu amapeza polemba pa intaneti zili mitundu iwiri, ndipo ndi bwino kuzisiyanitsa musanalembe chiganizo choyamba. Pali ndalama yobwera kamodzi, pamene nkhani yanu ina yagwira mitima ya anthu n'kufalikira ponseponse, ndiye pali ndalama yobwera mwezi ndi mwezi kuchokera kwa anthu omwewo amene anazolowera kukuwerengani. Yoyambayo ili ngati chimanga chodalira mvula, chimene chaka china chimadzaza nkhokwe koma chaka chinacho n'kukusiyani chimanjamanja, pamene yachiwiriyo ili ngati dimba la m'mbali mwa mtsinje, limene silipatsa zambiri nthawi imodzi koma silisowa chothyola. Malangizo awa ndi a munthu amene akufuna ndalama yachiwiriyi, woti azitha kulipira lendi kapena fizi ya mwana podalira zolemba zake. Ndikamba kwambiri za Substack ndi Medium, chifukwa ndi masamba odziwika amene amalipira olemba mwa njira zosiyana kotheratu, ndipo amene wamvetsa kusiyana kumeneku angathe kuyeza tsamba lina lililonse limene angakumane nalo.

Dziwani kumene ndalamayo ikuchokera

Medium inayamba mu 2012, ndipo anaiyambitsa ndi Evan Williams, yemwenso anali mmodzi mwa anthu amene anayambitsa Blogger ndi Twitter. Mu 2017 inakhazikitsa ndondomeko yolipirira olemba yotchedwa Partner Program. Owerenga amalipira madola 5 pamwezi kapena madola 50 pachaka kuti akhale mamembala, ndalama zonsezo zimalowa m'thumba limodzi, kenako kampaniyo imagawira olemba molingana ndi mmene mamembalawo awerengera nkhani zawo. Chimene chimawerengedwa kwambiri ndi nthawi imene membala wakhala pa nkhani yanu, ndipo munthu amene wachoka masekondi 30 asanakwane satengedwa ngati wawerenga. Kuwomba m'manja (kudina batani losonyeza kuti nkhani yawasangalatsa), kudula mzere pa mawu amene awakonda ndi kuyankhapo zimawonjezeranso gawo lanu, ndiponso nkhani imene akonzi a kampaniyo aisankha kuti ionetsedwe kwa anthu ambiri, zimene amazitchula kuti Boost, imalipidwa kuposa zinzake. Ndalama zimatumizidwa kamodzi pamwezi zikakwana madola 10, ndipo kuti mulowe m'ndondomekoyi muyenera kukhala membala wolipira inunso.

Ubwino wa Medium ndi wakuti owerenga alipo kale, moti mlembi wosadziwika angathe kuwerengedwa ndi anthu amene sanamvepo dzina lake. Kuipa kwake ndi kwakuti mtengo wa ntchito yanu simuika ndinu. Mu 2019 kampaniyo inasintha kawerengedwe ka malipiro kuchoka pa kuwomba m'manja kupita pa nthawi yowerenga, mu August 2023 inasinthanso, ndipo kusintha kulikonse kotero kumakweza olemba ena n'kugwetsa ena amene sanalakwe kanthu. Munthu amene lendi yake ikudalira chiganizo cha kampani imene sangaifunse n'komwe, ndalama yake sitingaitchule kuti ndi yokhazikika.

Substack inayamba mu 2017, ndipo anaiyambitsa ndi Chris Best, Hamish McKenzie ndi Jairaj Sethi. Pano palibe thumba limodzi la onse. Mumalemba kalata imene imapita pa imelo ya aliyense amene walembetsa, ndipo amene akufuna kulandira zonse amalipira inuyo mtengo umene mwaika nokha, wosatsika pa madola 5 pamwezi. Kutsegula tsamba ndi kutumiza makalata aulere sikulira ndalama, koma mukayamba kulipiritsa, Substack imatengapo 10 peresenti, ndipo kampani yodutsitsa ndalama ya Stripe imatengapo pakati pa 3 ndi 4 peresenti ndi masenti 30 pa malipiro alionse. Mukawerengetsa muona kuti pa madola 5 a pamwezi mumatsala ndi pafupifupi madola 4, pamene pa madola 50 a pachaka mumatsala ndi pafupifupi madola 43, chifukwa masenti 30 aja amadulidwa kamodzi kokha m'malo mwa maulendo 12. Chinthu chachikulu kuposa zonsezi ndi chakuti mndandanda wa maimelo a owerenga ndi wanu, mungathe kuutsitsa tsiku lililonse n'kusamuka nawo kupita kwina. N'chifukwa chake ine ndimalangiza kuti Substack, kapena tsamba lina lokupatsani mndandanda wotero, likhale pamene pakhazikika ntchito yanu, ndipo Medium ikhale yongokuthandizani kupeza owerenga atsopano.

Yambirani ku mapeto: ndalamayo ifika bwanji m'manja mwanu

Apa ndi pamene olemba ambiri a kwathu amakhumudwira, atalemba kale kwa miyezi ingapo. Masamba onse awiri amalipira kudzera ku Stripe, ndipo Stripe sigwira ntchito mofanana m'mayiko onse. Kuti mulipiritse owerenga pa Substack mumafunika akaunti yanuyanu ya Stripe, imene imatsegulidwa m'mayiko monga Britain, America, Canada, Australia ndi ambiri a ku Ulaya, koma Malawi ndi Zambia sali pa mndandanda wa mayiko amenewa. Medium ili ndi mndandanda wakewake wa mayiko amene imalipirako olemba, ndipo mu 2024 inawonjezerapo mayiko 77, kuphatikizapo South Africa, Kenya ndi Nigeria. Choncho musanataye nthawi, tsegulani masamba a malangizo a makampani onsewa muone ngati dziko limene mukukhala lilipo, poti chimene amaona ndi kumene mukukhala ndi kumene kuli banki yanu, osati kumene munabadwira. Mmalawi wokhala ku Manchester amene ali ndi akaunti ya banki kumeneko alibe chomuvuta, ndipo wokhala ku Johannesburg angathe kuyamba ndi Medium.

Kwa amene ali ku Lilongwe, ku Zomba kapena ku Chipata, njira zilipo koma iliyonse ili ndi mtengo wake. Njira yoyamba ndi yolembetsa kampani ku America. Stripe ili ndi ndondomeko yotchedwa Atlas imene imakulembetserani kampani ku Delaware pa madola 500, kenako kampaniyo ndiyo imatsegula akaunti. Musathamangire njira imeneyi, chifukwa kampani ikalembetsedwa imafuna zolipira za chaka ndi chaka ndi mafomu a msonkho a ku America ngakhale isanapeze kalikonse, ndipo kuiwala mafomuwo kumabweretsa chindapusa chachikulu. Imayenera munthu amene waona kale kuti ali ndi owerenga okwanira ofuna kulipira. Substack imathandiza kuyeza zimenezi, chifukwa imalola owerenga kulonjeza kuti adzalipira mukadzatsegula malipiro, ndipo sawadula kanthu mpaka tsikulo litafika. Malonjezo akakhala asanu, dikirani kaye. Akafika makumi angapo ndipo akuwonjezereka mwezi uliwonse, pamenepo mungayambe kuwerengetsa ngati kampaniyo ingadzilipire yokha.

Njira yachiwiri ndi yogwirizana ndi mbale wanu kapena mnzanu wokhala kunja kuti akauntiyo ikhale m'dzina lake. Ambiri amachita zimenezi mwa chibale chabe, koma dziwani kuti pamaso pa banki ndi a msonkho a dziko limenelo ndalamayo ndi yake, msonkho wake ndi wake, ndipo tsiku limene mudzasemphana maganizo mudzakhala opanda pogwira. Ngati mwasankha kutero, muchite ngati bizinesi ya anthu awiri yeniyeni, yokhala ndi pangano lolemba lonena gawo la aliyense, tsiku lotumiza ndalama ndi mwini wa mndandanda wa owerenga. Chimene simuyenera kuchita n'kulemba adiresi yabodza kapena kugula akaunti kwa anthu amene amazitsatsa pa Facebook. Stripe imafuna chiphaso ndi umboni wa kumene mukukhala, ndipo ikaona zosagwirizana imatseka akaunti ndalama zili momwemo.

Njira yachitatu, imene ndikuona kuti ndi yoyenera ambiri poyamba, ndi yolekanitsa kofalitsira ndi kolandirira ndalama. Kalata yaulere muziitumiza pa Substack, koma olipira azikutumizirani pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba, a ku Zambia pa MTN kapena Airtel, ndipo a kunja kudzera ku Mukuru kapena WorldRemit monga amachitira potumiza ndalama kumudzi. Zolemba za olipira muziwatumizira pa imelo kapena pa gulu la WhatsApp limene mumalowetsamo okhawo amene alipira. Vuto la njirayi ndi lakuti ndalama sidzidula yokha mwezi ukatha monga imachitira pa khadi la banki, ndiye munthu aliyense ayenera kukumbukira ndi kusankhanso kulipira, ndipo ambiri amaiwala popanda choipa chilichonse mumtima. Mankhwala ake ndi kulipiritsa miyezi itatu, isanu ndi umodzi kapena chaka chathunthu nthawi imodzi, kukhala ndi kaundula wa tsiku limene aliyense akuthera, ndi kuwakumbutsa mwaulemu kutatsala sabata imodzi.

Sankhani mutu umene munthu angaulipirire

Anthu salipira chifukwa chakuti mlembi amalemba bwino basi. Amalipira chifukwa zimene akuwerengazo zimawathandiza pa ntchito kapena pa ndalama zawo, kapena chifukwa sangazipeze kwina kulikonse. Kalata yoyamba kulipiritsa pa Substack inali Sinocism ya Bill Bishop, yokamba za ndale ndi chuma cha dziko la China kokha, ndipo owerenga ake ambiri ndi anthu amene ntchito yawo imafuna kuti adziwe zimene zikuchitika kumeneko. Zindikiraninso kuti iye anali atatumiza kalatayo mwaulere kwa zaka zingapo asanayambe kulipiritsa mu 2017, kotero kuti tsiku loyamba la malipiro anali kale ndi khamu la anthu omukhulupirira.

Mutu wotakata monga “moyo” kapena “maganizo anga” ndi wovuta kuugulitsa, pokhapokha dzina lanu likhale lodziwika kale. Yang'anani chimene mumachidziwa chifukwa cha ntchito yanu kapena malo amene mukukhala. Amene amatsatira misika ya fodya ku Kanengo, ku Limbe, ku Chinkhoma ndi ku Mzuzu, kapena mitengo ya soya ndi nandolo m'misika ya m'maboma, ali ndi uthenga umene ogula mbewu ndi makalabu a alimi angaufune sabata iliyonse. Amene amamvetsa masheya a makampani a pa Malawi Stock Exchange angathe kufotokozera anthu wamba tanthauzo la malipoti a makampaniwo. Mphunzitsi amene wakonzekeretsa ana mayeso a MSCE kwa zaka zambiri ali ndi makolo omudikirira. Ndipo pali gulu limene olemba ambiri saliganizira, la abale athu okhala ku Cape Town, ku Dublin kapena ku London amene akumanga nyumba kumudzi ali kutali. Iwowa amafuna kudziwa mtengo wa simenti ndi malata mwezi uno, mmene angagulire puloti popanda kuberedwa, ndi zimene malamulo a malo a 2016 pamodzi ndi kusintha kwake kwa 2022 akunena. Ali ndi makhadi a banki, amalandira malipiro m'marandi, mayuro ndi mapaundi, ndipo madola 5 pamwezi kwa iwo ndi ochepa poyerekeza ndi zimene angataye atanamizidwa ndi mmisiri.

Nkhani ya chilankhulo imatsatira pomwepo. Mamembala olipira a Medium ambiri amawerenga Chingerezi, choncho nkhani ya Chichewa kumeneko siingabweretse ndalama yooneka ngakhale itakoma chotani. Pa Substack mungalembe m'chilankhulo chilichonse, chifukwa owerenga mumabwera nawo nokha. Kulemba m'Chichewa kumachepetsa chiwerengero cha anthu amene angakuwerengeni, koma kumachepetsanso opikisana nanu, ndipo nkhani ya malamulo kapena ya ndalama yofotokozedwa m'Chichewa chomveka ndi chinthu chosowa kwambiri. Ena amalemba kalata yaikulu m'Chichewa, ndipo nkhani imodzi pamwezi amailembanso m'Chingerezi n'kuiika pa Medium. Medium imalola kuikapo nkhani imene inatuluka kale kwina, umwini umakhalabe wanu, ndipo chida chake chokokera nkhani kuchokera pa tsamba lina chimasonyeza kumene nkhaniyo inayambira kuti Google isasokonezeke. Mukaika nkhani kumeneko, itumizeni ku magazini a pa Medium amene ali kale ndi owerenga a mutu wanu.

Tsiku lotulutsa likhale lodziwika

Wolipira mwezi ndi mwezi amagula lonjezo lakuti padzakhala choti awerenge sabata yamawa. Heather Cox Richardson, mphunzitsi wa mbiri yakale ku Boston College, anayamba kalata yake ya Letters from an American mu 2019, ndipo inakhala imodzi mwa makalata owerengedwa kwambiri pa Substack. Amalemba pafupifupi tsiku lililonse, moti owerenga anafika poiyembekezera monga mmene ena amayembekezera nkhani za pa wailesi m'mawa. Inu simukufunika kulemba tsiku lililonse. Sankhani muyeso umene mungaukwanitse ngakhale sabata ya maliro kapena ya matenda, kaya kamodzi pa sabata kaya kawiri pamwezi, muwauze owerenga tsiku lake, ndipo musaliphonye. Kuyamba ndi makalata anayi pa sabata n'kudzazimiririka mwezi wachitatu kumawononga dzina kuposa kuyamba pang'onopang'ono.

Musanalengeze kalata yanu, lembani nkhani zinayi kapena zisanu zosatha ntchito msanga n'kuzisunga. Masamba onsewa amalola kuika nkhani kuti idzatuluke yokha pa tsiku ndi ola limene mwasankha, ndipo kwathu kuno kumene magetsi amazima ndi netiweki imagwa mosayembekezereka, kukonzeratu kotere kumapulumutsa. Lemberani pa kompyuta kapena pa foni popanda intaneti, bandulo muigwiritse ntchito potumiza pokha, ndipo musadzaze kalata ndi zithunzi zolemera chifukwa owerenga anu ambiri nawonso amawerengera bandulo. Ponena za makina olemba okha nkhani, Medium inalengeza mu 2024 kuti nkhani zolembedwa ndi makina otere siziloledwa kulandira malipiro, ndipo pa Substack, ngakhale zitaloledwa, palibe amene angapitirize kulipira chinthu chimene angachipeze yekha kwaulere.

Kusonkhanitsa owerenga ndi kuyamba kulipiritsa

Miyezi yoyamba ntchito yanu ndi kusonkhanitsa maimelo, osati ndalama. Otsatira a pa Facebook kapena pa X si anu, chifukwa makina a masambawo ndi amene amasankha oti aone zimene mwalemba, koma imelo imafika kwa mwini wake. Nkhani iliyonse imene mwaika kwina kulikonse ithere ndi chiganizo chimodzi chopempha munthu kulembetsa, chonena momveka chimene azilandira ndi tsiku lake. Pa WhatsApp, kumene kuli anthu athu ambiri, tumizani ndime imodzi yokhala ndi phindu payokha pamodzi ndi linki, osati linki yokhayokha. Substack ili ndi njira yoti olemba azilozerana owerenga, imene inayamba mu 2022, ndiponso Notes imene inayamba mu 2023, yolembapo timawu tifupitifupi. Pezani olemba awiri kapena atatu a mitu yoyandikana ndi wanu, muziwawerenga moona mtima ndi kuwalozera owerenga anu, ndipo nthawi zambiri iwonso amabweza. Musatenge maimelo a anthu m'magulu a tchalitchi kapena a kuntchito n'kuwalembetsa iwo asakudziwa. Makalata otere amakathera m'bokosi la zinyalala, amaipitsa mbiri ya adiresi yanu, ndipo amaphwanya malamulo a Substack komanso malamulo oteteza zinsinsi za anthu.

Kodi muyambe liti kulipiritsa? Substack yakhala ikunena kuti pa owerenga aulere 100, pakati pa 5 ndi 10 amasanduka olipira, koma olemba ambiri amapeza ochepera pamenepo, ndiye pokonza dongosolo lanu werengerani 2 kapena 3. Tiyerekeze kuti mukufuna madola 200 pamwezi. Pa madola 4 otsala kwa wolipira aliyense mukufunika olipira 50, ndipo ngati olipira ndi 3 pa 100 alionse, mukufunika owerenga aulere oposa 1,600. Masamu amenewa amakhumudwitsa ena, koma ndi abwino kuwaona pachiyambi, chifukwa amasonyeza kuti iyi ndi ntchito ya chaka kapena zaka ziwiri, ndipo amene wasiya ntchito yake mwezi wachiwiri kuti adalire kulemba amakhala atadziika pa mavuto.

Funso lina lovuta ndi loti mutseke ziti ndipo musiye ziti zaulere. Ambiri amatseka nkhani zawo zabwino koposa, koma potero amabisa chinthu chokhacho chimene chikanakopa anthu atsopano. Nkhani yamphamvu, yoti anthu angatumizirane, isiyeni yaulere. Tsekani zimene munthu amene wayamba kale kukukhulupirirani angazifune mobwerezabwereza: mitengo ya sabata ino, zitsanzo za mapangano, mayankho a mafunso a owerenga, nkhani zakale zonse. Mukamapempha malipiro nenani mosabisa kuti ndalamayo ikulipira chiyani, monga maulendo a kumisika kapena nthawi yofufuza, ndipo musapemphe ngati wopemphetsa chithandizo, popeza mukugulitsa ntchito.

Pa mtengo, ganizirani magulu awiri a owerenga. Madola 5 ndi ochepa ku London koma ndi ambiri ku Ntcheu, choncho palibe cholakwika kuika mtengo wa m'madola kwa olipira pa khadi ndi mtengo wotsikirapo wa m'makwacha kwa olipira pa foni. Kumbukirani kuti kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023. Amene analandira ndalama ya chaka chonse m'makwacha kutatsala masiku ochepa kuti zimenezi zichitike anagwira ntchito miyezi yotsatirayo pa mtengo wotsika kwambiri, ndiye mtengo wa m'makwacha muziuunikanso miyezi isanu ndi umodzi iliyonse ndipo owerenga muziwauziratu.

Kusunga amene alipo

Kukhazikika kwa ndalama kumadalira kwambiri pa chiwerengero cha ochoka kuposa cha obwera. Ngati muli ndi olipira 100 ndipo 5 amasiya mwezi uliwonse, mukufunika atsopano 5 kuti mungoima pamene muli, kutanthauza anthu 60 pachaka ongotseka mabowo. Ena amachoka chifukwa khadi lawo latha nthawi kapena mulibe ndalama tsiku lodula, ndipo amenewa uthenga umodzi waulemu umawabweza. Ena amachoka chifukwa analembetsa pofuna nkhani imodzi yokha. Koma ambiri amayamba asiya kutsegula makalata kwa masabata angapo, kenako n'kudzafunsa kuti akulipiriranji. N'chifukwa chake mwa ziwerengero zonse zimene tsamba limakuonetsani, ziwiri zokha ndi zofunika kuziona mwezi uliwonse: gawo la olipira amene akutsegula makalata, ndi chiwerengero cha amene asiya. Kuona maulendo khumi patsiku kuti nkhani yawerengedwa kangati kumangodya nthawi yolembera.

Wolipira watsopano mulandireni ndi kalata yomuuza nkhani zitatu zoti ayambe nazo, ndipo mufunseni chimene akufuna kudziwa. Mayankho a funso limeneli ndi amene amakupatsani mitu ya miyezi ikubwerayo. Yankhani makalata a owerenga, ngakhale ndi mizere iwiri yokha. Limbikitsani malipiro a pachaka powatsitsa mtengo, monga kulipiritsa miyezi 10 m'malo mwa 12, chifukwa munthu wolipira pachaka amasankha kamodzi kokha kukhala kapena kuchoka. Mukapeza owerenga ochulukirapo, wonjezerani njira ina imodzi kapena ziwiri zopezera ndalama kuchokera pa ntchito yomweyo. Kampani yogulitsa zipangizo zomangira ingathe kulipira kuti dzina lake lioneke pa kalata ya zomangamanga, bola muwauze owerenga kuti ndi malonda olipidwa, ndipo nkhani za chaka chonse mungazisanje kukhala kabuku kogulitsa pakokha.

Msonkho, malamulo ndi kasungidwe ka ndalama

Makampani a ku America amene amalipira mlembi mwachindunji, monga Medium ndi Amazon, amafuna kuti amene si wa kumeneko alembe fomu yotchedwa W-8BEN, ndipo lamulo la dzikolo limawauza kudula msonkho wofika 30 peresenti kwa anthu okhala m'mayiko amene alibe pangano la msonkho ndi America. Britain ndi South Africa ali ndi pangano lotere, koma Malawi, Zambia ndi Mozambique alibe, choncho ikani kudulidwaku m'masamu anu. Ndalama ya kulemba ndi yolipirirapo msonkho kwanu komweko monga ina iliyonse. Ku Malawi pitani ku MRA mukatenge nambala ya wokhoma msonkho (TPIN) ndi kufunsa gulu limene mukugwamo, ndipo ndalama zochokera kunja zizidutsa ku banki kapena ku makampani ololedwa ndi Reserve Bank of Malawi. Sungani malisiti a bandulo, a maulendo ndi a zipangizo, chifukwa ndi umboni wa zimene mwawononga pa ntchitoyo.

Lamulo la umwini wa zaluso la 2016 limateteza zolemba zanu, ndipo bungwe loyang'anira za umwiniwu la COSOMA lingakuthandizeni wina akazitenga n'kumazigulitsa, koma lamulo lomwelo limatetezanso ena kwa inu, ndiye musakopere zithunzi ndi ndime za anthu popanda chilolezo. Ngati mukulemba za anthu ndi makampani enieni, khalani ndi umboni wa chilichonse chimene mwanena, popeza pa masamba awa palibe mkonzi kapena loya wa kampani woti akuimirireni, ndipo mlandu umodzi woipitsa mbiri ya munthu ungathe kumeza ndalama ya zaka zingapo.

Ndalama ikayamba kulowa, musaidye monga yabwerera. Miyezi ina imabweretsa zambiri, makamaka pamene olipira pachaka akulipiranso, ndipo ina imakhala youma. Tsegulani akaunti yapadera ya ntchitoyi, mupatuleko gawo la msonkho, kenako mudzilipire malipiro ofanana mwezi uliwonse, otengera mwezi wotsikitsitsa wa miyezi isanu ndi umodzi yapitayo. Ndalama ya wolipira pachaka muigawe pa 12 n'kumatengako gawo limodzi pamwezi, chifukwa yotsalayo ndi ngongole ya makalata amene simunalembe, ndipo mutadwala kapena mutaganiza zosiya, muyenera kukhala ndi yoti mubwezere anthu. Pa Substack mungathe kuimitsa kaye malipiro a owerenga pa nthawi imene simukulemba, ndipo ndi bwino kutero kusiyana ndi kuwadula ndalama muli chete. Tsiku lomwelo limene mukudzilipira, tsitsaninso mndandanda wa maimelo pamodzi ndi nkhani zanu zonse, muzisunge pa kompyuta yanu ndi pa malo ena achiwiri, kuti tsamba litasintha malamulo kapena akaunti itatsekedwa mudzathe kulembera owerenga anu mawa lake kuchokera kwina.